Kacipinda ka kuseri kwa msika wa Ulongwe

Mtolankhani wa ku Maputo amalandira mauthenga ambiri pa tsiku, ndipo oculuka amayamba mofanana: "Kwathu kuli cikhalidwe cokoma, bwerani mudzaone." Ine ndakhala ndikulemberana ndi mmodzi wa iwo kwa miyezi ingapo. Ndi mayi amene amalemba zinthu ziwiri zokha: nyimbo za oimba odziimira paokha, opanda kampani yowajambula, ndi kamangidwe ka mizinda. Nambala yake ndinaitenga kwa mphwanga amene amaphunzira ku Tete.

Akuluakulu a bungwe lathu atamva, anati ndimuuze za Gule Wamkulu. Ndinamuuzadi. Anayankha mwaulemu kuti za Gule zinalembedwa kale kwambiri, makamaka kuyambira 2005 pamene UNESCO inamuzindikira kuti ndi cuma ca anthu onse, caka cimodzi ndi timbila za Acopi. Kenaka anafunsa: catsopano n'ciyani, mwini nkhaniyo ndani, ali pati, ndipo n'cifukwa ciyani iyenera kulembedwa caka cino? Amalume anati mwana wa m'tauni sadziwa kanthu. Ine ndinapumira m'mwamba, pakuti za kudambwe si zojambula, ndipo tikanamuitanira zimenezo tikanadzipalira mlandu kwa amfumu.

Ndinayamba kuwerenga zimene iye analemba. Amakonda Mafalala, dera la nyumba za malata ndi matabwa kumene anthu akuda ankakhala nthawi ya atsamunda, kunja kwa mzinda wa simenti. Kumeneko kunakulira Eusébio wa mpira, kunakhala mlakatuli José Craveirinha, ndipo marrabenta ankalira m'mabwalo a nyumba zothithikanazo. Amalembanso za nyumba zimene Pancho Guedes anakonza mapulani ake. Kwa mayi ameneyu nyumba ndi nyimbo ndi nkhani imodzi: amafuna kudziwa cipinda cimene nyimbo inabadwiramo, mwini cipindaco, ndi ndalama ya lendi.

Ngati zili conco, nkhani tili nayo. Kuseri kwa msika ku Ulongwe kuli mzere wa mabaraka a malata. M'kacipinda kamodzi, kocepa moti anthu anayi sangakhalemo momasuka, mnyamata wina anakhoma matiresi akale ndi mapepala oikamo mazira m'makoma kuti phokoso la cigayo lisalowe. Ali ndi kompyuta yakale, maikolofoni imodzi ndi batire la galimoto la pamene magetsi azima. Anyamata ndi atsikana amabwera ndi ndalama za ganyu wokumba mbatata, kudzajambula nyimbo imodzi imodzi. Nyimbozo sizidikira wayilesi. Zimayenda pa memori khadi ndi pa WhatsApp, zimadutsa pa Calomue kulowa ku Dedza, zimakalira pa msika wa Lizulu pamene msewu wokha ndiwo umalekanitsa Malawi ndi Mozambique. Vesi imayamba m'Cinyanja n'kuthera m'Cipwitikizi, ndipo wojambula amalandira kwaca kapena metikali, sasankha. Tsopano mwini malowo akufuna kugwetsa mabaraka kuti amange masitolo a njerwa. Sindimuda, malo ndi ake, koma lendi ya sitolo ya njerwa mnyamatayo sangaikwanitse.

Ndinalemba zimenezi m'Cipwitikizi, mizere isanu ndi umodzi basi, n'kuikapo cithunzi ca khoma la matiresi ndi nyimbo imodzi yomasuliridwa. Anayankha tsiku lomwelo. Ku Maputo kucokera ku Tete ndi makilomita oposa 1,500, ndipo kucokera ku Tete kufika kuno ndi enanso oposa 200. Munthu sayenda mtunda wotere cifukwa camuuza kuti kwanu n'kokongola. Amafuna munthu mmodzi, malo amodzi, ndi cinthu cimene cili pafupi kutha.

Pamene panavuta ndi pa nyimbo ija. Imanena za kukwera mtengo kwa feteleza ndi za anthu ena oima pamsewu amene salola thumba la cimanga kudutsa popanda "refresco". Mtolankhani anaikonda kwambiri, nafuna dzina ndi nkhope ya woimbayo. Koma tonse tikukumbukira Azagaia, amene anamwalira mu Marici 2023, ndi utsi wokhetsa misozi umene unabalalitsa acinyamata oguba pomulira. Mtolankhani akalemba amabwerera kwawo. Woimba amatsala pano, pamene aliyense amadziwa khomo la amayi ake ndi munda wa abambo ake. Wopereka nkhani ya mnzake amapereka ndi mwiniwakeyo, conco dzina sindikanalitumiza ndisanafunse.

Ndinapita kwawo madzulo. Amayi ake anali kusenda nyemba pakhonde, ndipo ndisanamalize n'komwe anati: "Acimwene, mwana wangayu musandigulitsire ku nyuzipepala." Mnyamatayo anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anati: "Amalume, nyimbo ipite, ndinaimbira kuti imveke. Cipinda ajambule. Koma dzina langa ndi nkhope ayi." Wa situdiyo iye anavomera zonse, nati mwina wina akawerenga adzamubwereka malo ena.

Ndinauza mtolankhani momwemo. Sanabise kuti akonzi ake sakonda nkhani ya woimba wopanda nkhope, ndipo mwina adzaifupikitsa kapena kuikana. Anati adzayesa kuiimika pa cipindaco ndi pa mwini situdiyo, nyimboyo n'kungoichula popanda woimba. Pa kumasulira tinagwirizana kuti ndidzacita ndine, woimbayo ali pambali panga, cifukwa mawu ena a Cinyanja amaluma mwakacetecete, ndipo ukawaika m'Cipwitikizi mosasamala amasanduka cipongwe.

Akuti adzabwera mu Juni. Ndamuuza atenge jekete lolemera, pakuti kuzizira kwa ku Angonia anthu a kunyanja sakudziwa. Mwini malo uja walonjeza kuti mabaraka sagwetsa mpaka mbatata zitatha kukumbidwa, ndipo njerwa zoyamba waziunjika kale pafupi ndi cigayo.