Uthenga Wapachala Ngwamphepo

Azakhali anga amagulitsa nsima ku Silverest, m'boma la Chongwe, chapafupi ndi msewu waukulu wa Great East. Ambiri mwa amene amadya kwa iwo ndi ophunzira a University of Lusaka omwe amachita lendi m'nyumba zozungulira sukuluyo. Kale, dzuwa likafika paliwombo, foni yawo inkalira mosalekeza: uyu akufuna nkhuku, uyo kapenta, wina akufunsa ngati nyemba zapsa. Dzanja lina mthiko, lina foni. Mu 2024 ndinawauza kuti, "Azakhali, ndikukonzerani katsamba ka pa intaneti. Wophunzira akasankha ndiwo pafoni yake, inu muziona nthawi yomweyo." Anandiyang'ana nati, "Chita, mwananga, bola chisandipsereze ndiwo."

Tsamba wamba la pa intaneti lili ngati kugolosale: browser imafunsa, seva imayankha, nkhani yathera pomwepo. Seva siyamba yokha kukulankhula. Ine ndinkafuna kuti mbali zonse ziwiri zizitha kuitanana, ndipo njira yake ilipo. Imatchedwa WebSocket, inakhazikitsidwa mu 2011, ndipo imasiya khomo lotsegula pakati pa browser ndi seva. Ndinasankha Socket.IO, pulogalamu yothandiza kugwiritsa ntchito njirayi, yomwe Guillermo Rauch anayambitsa mu 2010. Mbali yake ina imakhala pa seva, ina mu browser. Imayamba ndi kufunsafunsa kudzera pa HTTP, ndipo ikaona kuti njira ili bwino imasamukira pa WebSocket. Kulumikizana kukaduka, imayesanso yokha. Pa kompyuta yanga zonse zinayenda ngati madzi, mwakuti ndinagona ndikumwetulira.

Koma chaka chimenecho chinali cha chilala. Madzi anatsika kwambiri m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Akazima, router ya azakhali inkafa, foni n'kusamukira pa data ya simu, netiweki nayo ikubwera n'kumapita. Apa m'pamene sukulu yanga yeniyeni inayambira.

Phunziro loyamba linabwera ndi mbale zitatu za nkhuku. Mtsikana wina anaitanitsa mbale imodzi, koma pafoni ya azakhali panaoneka zitatu, iwo n'kupakula zonse. Cholakwa chinali changa. Malangizo omvetsera oda yatsopano ndinawalemba mkati mwa gawo limene limagwira ntchito foni ikalumikizidwa, lotchedwa connect. Ndinaiwala kuti foni siilumikizidwa kamodzi kokha. Ikaduka n'kubwerera, gawolo limayambanso, ndipo womvetsera wina amawonjezeka pa woyamba uja. Netiweki itaduka kawiri, makutu anakhala atatu, ndipo khutu lililonse linalemba oda yakeyake. Ndinaphunzira kuti kuduka sindiyo ngozi yapatalipatali ayi. Kwathu kuno ndi moyo wa tsiku ndi tsiku.

Phunziro lachiwiri linandipweteka mumtima. Mnyamata wina anafika ndi njala, akuonetsa foni yake yolembedwa kuti oda yatumizidwa. Kwa azakhali kunalibe kanthu, ndiwo zitatha. Anamupakulira zomwe anadzisungira okha, ndipo madzulo anandifunsa modekha kuti, "Kodi makina akowa akatumidwa, amabweranso kudzanena kuti afika?"

Funso limeneli linandivula. Kwathu ukatuma mwana kwa aneba, suti wamaliza pamene watuluka pakhomo. Umadikira abwere adzanene kuti, "Ndawapeza, amva." Ine ndinkawerengera kutuma ngati kufika.

Nditafufuza ndinamvetsa chomwe chinachitika. Pamasekondi 25 alionse, seva ya Socket.IO imagogoda kwa browser, ngati munthu wonena odi pakhomo. Ikapanda kuyankhidwa m'masekondi 20, imadziwa kuti kulibe munthu. Ndiye kuti pangathe kudutsa masekondi okwana 45 seva ikulankhula ndi nyumba yopanda anthu. Ndipo ngati sunaikonze mwanjira ina, lonjezo lake n'lakuti uthenga sudzafika kawiri. Siikulonjeza kuti udzafika ndithu. Uthenga wopita kwa foni yoduka seva siisunga. Kumbali ya browser zinthu n'zosiyana: zomwe watumiza netiweki kulibe zimasungidwa, ndipo zimatuluka zonse ikangobwerera. Choncho oda ya nkhomaliro ikhoza kufika wophunzira atadya kale kwina. Zonsezi olemba Socket.IO anazifotokoza poyera. Ine ndi amene ndinathamangira kumanga ndisanawerenge.

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Uthenga nawo ndi chimodzimodzi: usanavomerezedwe, ngwamphepo. Ndinamanganso zonse pa maziko amenewo. Tsopano oda iliyonse imalembedwa kaye m'kaundula (database) isanalengezedwe kwa aliyense, ndipo imalandira nambala yake. Foni ya azakhali ikabwerera pa netiweki, imauza seva nambala yomaliza imene inalandira, seva n'kuitumizira zotsatira zonse. Nambala ikabwera kawiri, yachiwiriyo imatayidwa. Oda yochedwa kwambiri imabwezedwa kwa mwiniwake kuti anene ngati akuifunabe. Ndinasiyanso kuzindikira munthu ndi socket.id, nambala imene Socket.IO imapatsa foni yolumikizidwa, chifukwa imasintha nthawi iliyonse foni ikalumikizidwanso. Kuyambira pa mtundu wake wa 4.6, womwe unatuluka mu 2023, Socket.IO ili ndi njira yobwezeretsa zomwe zinakuphonya ukaduka kanthawi kochepa. Ndi yothandiza, koma magetsi ozima maola ambiri si kanthawi kochepa, choncho kaundula wangawanga ndi amene ndimadalira.

Phunziro lachitatu silinali la makina koma la ulemu. Liwu lija lakuti "yatumizidwa" linali bodza limene ndinkauza anthu anjala. Ndinalichotsa. Pano wophunzira amaona mawu atatu motsatana: "tikudikira", "yalembedwa", ndipo pomaliza "azakhali aiona", lomwe limabwera pokhapokha iwo akadina ndi chala chawo. Pafoni yawo ndinaika kadontho kobiriwira netiweki ikakhalapo, kofiira ikachoka. Kakafiira, amadziwa kuti chete amene alipoyo satanthauza kuti anthu sakufuna chakudya, ndipo amakonzekera kulandira mafoni monga kale.

Sindikunyoza chida chimene ndinagwiritsa ntchito. Chinandichotsera ntchito yaikulu, ndipo ndikuchigwiritsabe. Koma chida chimatsegula khomo basi. Kutsimikiza kuti mawu alowa m'nyumba ndi udindo wa womanga. Maphunziro ambiri a pa intaneti amaonetsa pulogalamu ikuyenda pa kompyuta imodzi, pomwe netiweki siiduka. Ogula athu ali m'minibasi yochokera ku tauni, m'chipinda cha mdima, bandulo itatsala pang'ono kutha.

Ndiye inu anzanga amene mukuphunzira ntchito imeneyi, ku Silverest, ku Chipata kapena ku Lilongwe, ndikupempheni chinthu chimodzi. Musanapereke pulogalamu yanu kwa munthu, zimitsani router, ikani foni pa airplane mode uthenga uli pakati panjira, kenako yatsani muone chimene chatayika ndi chimene chabwera kawiri. Konzani zimenezo poyamba. Kuseri kwa uthenga uliwonse kuli munthu amene akudikira, ndipo munthuyo ndi woyenera kuuzidwa zoona.