Mawu aatali a Chingerezi asaopseze ana athu

Inu makolo amene muli ndi ana ku sekondale, pali dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri. Mwana akapatsidwa buku la nthano la Chingerezi amangowerenga masamba atatu n'kulitseka, ati mawu ake ndi ovuta. Ena amafika ponena kuti Chingerezi n'cha anzathu a ku Dedza ndi ku Ntcheu, ife chathu n'Chipwitikizi basi.

Ine ndikukana. Mwana wa ku Angónia kapena ku Tsangano ali ndi mwayi umene mnzake wa kutsidya kwa malire alibe, kungoti sanauzidwe.

Titenge buku la Things Fall Apart limene analemba Chinua Achebe wa ku Nigeria, lotuluka mu 1958. Mawu amene amaopsa ana poyamba ndi aataliatali aja: abomination, missionary, interpreter, ceremony, oracle. Koma tawatchulani mokweza. Kodi si abominação, missionário, intérprete, cerimónia ndi oráculo? Mawu ambiri aatali a Chingerezi anachokera ku Chilatini, komwenso kunachokera Chipwitikizi. Choncho mwana wathu amawadziwa kale, angosintha mchira wake. Pamene Chipwitikizi chimathera ndi ção, Chingerezi nthawi zambiri chimathera ndi tion.

Chenjezo lilipo ndithu. Mawu ena amafanana nkhope koma mitima ndi yosiyana. Parents ndi bambo ndi mayi okubala, pamene parentes ndi abale onse. Push ndi kukankha, koma puxar ndi kukoka. Mwana asamangokhulupirira khutu lokha, aziona ngati tanthauzolo likugwirizana ndi nkhani.

Amene amavuta zenizeni ndi mawu aafupi, monga yam, gourd, shrine, clan ndi sow. Apa Chipwitikizi sichithandiza kwenikweni, koma mudzi umathandiza. Yam ndi chilazi, gourd ndi chipanda, shrine ndi kachisi, clan ndi fuko, sow ndi kufesa. Dzombe likagwa m'bukumo anthu amalitola n'kudya, monga agogo athu amasimbira. Okonkwo atapalamula anathawira kwawo kwa mayi ake n'kukhalako zaka zisanu ndi ziwiri. Ndani kuno angafune kumumasulira za kuchikazi? Ngakhale egwugwu, mizimu yovala zigoba ija, mwana amene anakulira pafupi ndi bwalo la Gule Wamkulu amaimva msanga kuposa mwana wa ku London, ngakhale kuti miyamboyi si imodzi.

Langizo langa ndi ili. Mwana asaime pa liwu lililonse. Awerenge mutu wonse ali ndi pensulo m'manja, akuchonga amene amuvuta. Akamaliza asankhe asanu kapena asanu ndi limodzi amene abwera mobwerezabwereza, awalembe m'kope pamodzi ndi tanthauzo lake m'Chichewa, osati m'Chipwitikizi chokha. Dikishonale ikakhala imodzi, ana anayi akhoza kubwerekana. Ndipo inu amayi ndi abambo, ngakhale simudziwa Chingerezi, muuzeni mwanayo akusimbireni madzulo zimene wawerenga. Akalephera kusimba m'chinenero chathu ndiye kuti sanamve.

Pali liwu limodzi limene ndikufuna aphunzitsi aziimapo nthawi yaitali. Lili kumapeto kwenikweni kwa bukuli, m'dzina la buku limene bwanamkubwa wachizungu akufuna kulemba: pacification. M'dikishonale limatanthauza kudzetsa mtendere. Mwana wathu alizindikira pomwepo, pakuti pacificação ndi dzina limene Apwitikizi anapatsa nkhondo zawo zolanda dziko lino. Anthu a ku Báruè atadzuka mu 1917 kukana chibalo, anawagonjetsa ndi mfuti, midzi n'kupsa. Mwana amene wamva zimenezi m'kalasi la mbiri akafika pa liwu limenelo adziwa chifukwa chake Achebe analiika m'mutu mwa mzungu amene wangoona kumene mtembo wa Okonkwo uli lende pamtengo.