Simbi ya agogo siili pamalonda

Aliyense wolowa m'nyumba ya agogo ena aakazi a m'mudzi wina wa mphepete mwa phiri la Dómuè, m'boma la Angónia, amayamba waima kaye pakhomo asanakhale pamkeka. Chomuimitsa ndi khoma loyang'anizana ndi chitseko. Khomalo analitsutsuta ndi dothi la mitundu itatu: m'munsi makande akuda, pakati katondo wofiira, ndipo m'mwamba dothi loyera lokumba kudambo. Pakhomapo pali thandala la nsungwi, ndipo pathandalapo pali zinthu zinayi zokha: simbi ya makala yokhala ndi katambala kachitsulo pachivindikiro, wailesi ya Xirico, nyali ya koloboyi, ndi khadi lachikale lotsekeredwa pakati pa magalasi awiri.

Mpaka chaka cha 2024 zinthu zimenezi sizinkaoneka ndi maso a alendo. Zinkakhala m'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi, zitakulungidwa m'kapulana yakutha, ndipo adzukulu ankangoti ndi zinyalala za agogo.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala chaka chimenecho, mvula ili pafupi, m'mudzimo munafika mnyamata pa njinga yamoto kuchokera ku mzinda wa Tete. Anayamba wakaonekera kwa anyakwawa monga mwa mwambo, kenaka nayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa zinthu zakale: simbi, mitondo yong'aluka, mitsuko, mawailesi akufa ndi makobidi a nthawi ya Apwitikizi. Iye anati kutauni eni malo ogona alendo ndi malo odyera amagula zinthu zotere nkumakongoletsera makoma awo, ndipo alipo enanso amene amangozisonkhanitsa chifukwa chozikonda.

Nkhaniyi inamufika pamtima mdzukulu wamkazi amene amakhala ndi agogowo, mai wa ana awiri. Munda wa chimanga ndi wa mbatata ya kachewere unali wolima kale, mizere ili mbee, koma feteleza m'nyumbamo munalibe ngakhale wodzaza chikho.

"Agogo, bwanji tigulitse za m'bokosi zija?" anatero mdzukuluyo atagwada pambali pawo. "Simbi ija inaleka ntchito kalekale, wailesi ija siyankhula. Mwina tingapeze thumba la feteleza."

Agogo anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati: "Kamuitane mlendoyo, mwanawe. Aone ndithu, koma ayambe wamva."

Mlendo atakhala pampando, agogo anamasula kapulana ija natulutsa simbi. Simbiyi anabwera nayo ndi amuna awo m'chaka cha 1973 kuchokera ku Salisbury, kumene lero kukutchedwa Harare, atagwira ntchito zaka zingapo m'minda ya fodya monga ankachitira amuna ambiri a ku Angónia masiku amenewo. Inali simbi yoyamba m'mudzimo, kotero kuti Loweruka madzulo inkayenda nyumba ndi nyumba, aliyense kufuna kukaoneka bwino kutchalitchi m'mawa mwake. Ndi simbi yomweyi imene agogo anasitira kapulana yawo yatsopano pokasangalala nawo tsiku la ufulu, pa 25 Juni 1975, ku tauni imene Apwitikizi ankaitcha Vila Coutinho, lero Ulónguè.

Kenaka anatulutsa wailesi. Achikulire onse akuidziwa Xirico, wailesi imene inkalumikizidwa m'dziko mommuno mothandizana ndi dziko la East Germany, ndipo inapatsidwa dzina la kambalame koimba bwino. Banjali linaigula m'chaka cha 1982 litagulitsa mbatata. Mabatire ankasowa zedi nthawi imeneyo, choncho ankawayanika padzuwa kuti ayankhuleko pang'ono madzulo, anthu atazungulira pabwalo. Pa wailesi imeneyi mpamene mudzi wonse unamvera kuti Pulezidenti Samora Machel wamwalira pangozi ya ndege ku Mbuzini mu Okutobala 1986.

Pasanapite milungu yambiri, nkhondo imene ankangoimva kutali inafika m'mudzi. Usiku wothawa, amuna awo anaika simbi ndi makobidi m'nkhali yaikulu yofululira mowa, naikwirira patsinde pa mkuyu kuseri kwa khola. Wailesi yokha ndiyo anainyamula, ataibisa m'dengu la ufa. Anayenda usiku wonse, ana kumsana ndi kumanja, ndipo kunja kumacha ali m'boma la Dedza ku Malawi.

Sanali okha. Pofika chaka cha 1992 anthu a ku Mozambique othawira ku Malawi anapitirira miliyoni imodzi. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri anakhala m'midzi pakati pa abale, poti chinenero nchimodzi ndipo maukwati anali odutsa malire kuyambira kale. Chakudya ankalandira poonetsa khadi: ufa, nyemba kapena nandolo, mchere ndi mafuta ophikira a m'zitini. Nyali ya koloboyi ija anaipanga ndi mwana wawo wamwamuna ali ndi zaka 12, podula lata la chitini chotere ndi mpeni wakale, chingwe chake nkukhala kansanza ka bulangete. Ndi kuwala kwa nyali imeneyo kumene ana onse a m'banjamo anaphunzirira kuwerenga.

Pomaliza agogo anatulutsa khadi. Linali lofumbwa m'mbali, koma zolemba zinkaonekabe: dzina la amuna awo, ndi nambala 7, kutanthauza anthu a m'banjamo. Bamboyo anamwalira m'chaka cha 1991 ndipo anaikidwa tsidya lija la malire. Sanajambulitsepo chithunzi moyo wawo wonse. Makalata a ukwati ndi a ubatizo anapsera m'nyumba. Padziko lonse lapansi, pepala lokhala ndi dzina la bamboyo ndi khadi limeneli basi.

Pa 4 Okutobala 1992 wailesi ija, itamangidwa ndi mphira kuti isaphwasuke, inalengeza kuti pangano la mtendere lasainidwa ku Roma. Chaka chotsatira banjali linabwerera kwawo wapansi, anthu asanu ndi mmodzi, osadikira magalimoto. Mudzi anaupeza uli bwinja, udzu ukufika m'mapewa. Mkuyu wokha ndiwo unali chiimire. Masiku amenewo kukumba pansi kunali kuika moyo pachiswe chifukwa cha mabomba okwirira, amene dziko lino linalengeza kuti latha kuwachotsa m'malo onse odziwika m'chaka cha 2015. Agogo anathamangitsira ana kutali, nakumba okha ndi manja pang'onopang'ono mpaka zala zinakhudza mlomo wa nkhali. Simbi inali ya dzimbiri yokhayokha, koma katambala kaja kanali pamalo pake.

Mnyamata wa ku Tete uja anamvetsera zonsezi mwaulemu, chipewa chili pabondo. Atatha, anatchula ndalama zokwanira thumba lathunthu la feteleza, nkutsalanso zogulira sopo ndi mchere. Anati akufuna zonse, makamaka simbi ndi wailesi. Mdzukulu anayang'ana agogo ake, maso ali tunguu.

Agogo anatenga kansalu komangamo makobidi nakaika m'manja mwa mlendoyo. "Awa tengani, bambo," anatero. "Ndi ma escudo a atsamunda. Makobidi ngati awa ndiwo ankawafunira abambo anga pamsonkho, akalephera nkulawa mbalamatodya. Sindinawakondepo." Ndalama za escudo zinaleka ntchito pa 16 Juni 1980 pamene metical inayamba, ndipo bamboyo ankangowasunga poti ena mwa makobidiwo anali asiliva. Agogo anaonjezapo mtondo wong'aluka ndi mitsuko iwiri yakale. "Mtsuko ndiumba wina, dothi lilipo kudambo. Mtondo asema wina anyamata. Koma simbi iyi, wailesi iyi, nyali iyi ndi khadi ili, ndikagulitsa ndikazipezanso kuti?"

Mlendo anayesa kukweza mtengo kawiri, koma agogo anangopukusa mutu. Ndalama zimene anasiya zinakwana theka la thumba lokha.

Tisaname, chisankho chimenechi chinali ndi mtengo wake. Mbali ina ya munda anangothira manyowa a m'khola, ndipo chimanga cha mbali imeneyo sichinabereke ngati cha anansi. Kuti akwanitse zina zapakhomo, agogo anakhala milungu ingapo akuumba mitsuko ndi miphika, mdzukulu nkumakagulitsa ku msika wa Ulónguè. Masiku awiri oyamba mdzukuluyo ankangopereka nsima osayankhula kanthu.

Tsiku lachitatu anatulutsa zakukhosi. "Agogo, ine ndamva kuti zinthuzi nzofunika. Nanga ngati nzofunika chotere, zikutani kunsi kwa bedi kumene dzimbiri ndi njenjete zikuzidya? Ine ndakulira m'nyumba muno, koma nkhani ya mkuyu ndaimva dzana, pamodzi ndi mlendo. Ana angawa akanaimva liti?"

Apa agogo ndiwo anasowa chonena. Zaka zoposa makumi atatu ankaganiza kuti kusunga chinthu ndiko kuchibisa, monga anachitira usiku uja wothawa. Nkhondo inatha, koma iwo anali asanafukule zinthuzo kwenikweni. Anangozichotsa m'nkhali nkuziika m'bokosi.

Atatha kukolola m'chaka cha 2025, awiriwa anayamba ntchito yokonza khoma lija, ndipo sanagule kanthu kusitolo. Dothi lililonse analisefa kuchotsa timiyala, nalinyika m'madzi usiku wonse kuti lifewe. Potsutsuta anayambira m'mwamba ndi dothi loyera, kutsika mpaka ku makande, kuti loyera lisadonthere pa lakuda. Mizere yolekanitsa mitunduyo anaiwongola ndi chingwe chomangirira pa misomali iwiri. Pansi anazira ndi makande omwewo, nakhuluza ndi nkhulungo ya kumtsinje mpaka panayamba kunyezimira.

Thandala anapanga ndi mwamuna wa mdzukuluyo. Anadula nsungwi zokhwima, naziviika mumtsinje milungu iwiri kuti zisadzafumbwe, ndipo zitauma bwino pamthunzi anazing'alula nkuzimanga ndi luzi pa zikhomo ziwiri zolowa m'khoma. Thandalalo analikweza kufika pachifuwa cha munthu wamkulu, kutali ndi chiswe komanso manja a ana aang'ono.

Simbi anaikwecha ndi phulusa ndi madzi a mandimu, naipukuta kuti iume gwa, kenaka naipaka timafuta ta makina osokera kuti dzimbiri lisabwerere. M'wailesi anapezamo batire lakale litachucha, ndipo pamalopo anapala ndi kamtengo mosamala. Amene akusunga wailesi yakale adziwe kuti batire losiyidwa m'kati ndilo mdani wake wamkulu. Khadi analiika pakati pa zidutswa ziwiri za galasi la zenera losweka, m'mbali namangamo timabango tong'alula. Analiika kumbali kumene sikufika dzuwa, poti dzuwa limafufuta zolemba, ndiponso kutali ndi utsi wa kukhitchini. Mwana wamkulu wa mdzukuluyo, amene ali pasukulu ya pulaimale, analemba chaka cha chinthu chilichonse pa kapepala: 1973, 1982, 1987 pa khadi, ndi 1989 pa nyali.

Inu awerengi a m'midzi ya m'malire, m'nyumba zambiri za ku Angónia, Tsangano ndi Macanga muli mabokosi ngati limeneli. Ogula zinthu zakale si akuba ai, akuchita malonda awo, ndipo munthu wosowa feteleza kapena ndalama za kuchipatala sangadzudzulidwe akagulitsa. Koma musanatambasule dzanja, dzifunseni funso la agogo aja: kodi chimenechi ndingachipezenso? Lichero, mkeka ndi mtsuko manja anu angapange china mawa. Chinthu chimene chinaoloka malire pamutu panu, kapena chokhala ndi dzina la malemu, chikakwera njinga yamoto chapita. Kutauniko chikakhala chokongoletsa khoma chabe, ndipo palibe amene akadziwe kuti chinagona zaka zisanu ndi ziwiri pansi pa mkuyu. Komanso musachite ngati agogo aja poyamba, kusunga chinthu nkubisa nkhani yake. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma ayenera kuyamba anenedwa.

Masiku ano anansi amabwera kudzaona khomalo, ndipo amai awiri atatu akatenga kale dothi loyera kudambo kuti akonze awo. Bambo wina wachikulire anabweretsa khasu lachikale losula pamanja kudzafunsa kuti angalichotse bwanji dzimbiri. Nyumbayo ili ndi getsi la sola tsopano, ndipo nkhani amamvera pafoni, koma pa 4 Okutobala agogo amathira palafini pang'ono mu nyali ya koloboyi nkuiyatsa pathandalapo mpaka nthawi yogona.

Madzulo ena kamwana kakang'ono ka mdzukuluyo, kamene kangoyamba kudziwa manambala, kanakwera pampando nkuloza khadi lija.

"Agogo, apa alemba 7. Anali ndani?"

Agogo anakatsitsa pampandopo, nakakhazika pamiyendo pawo. Kenaka anatenga dzanja lake nayamba kupinda zala chimodzichimodzi, akutchula maina, kuyambira ndi la mwini wake wa simbi.