Nkhuku Zinayi Kuseri kwa Nyumba

Kwathu ku Dedza, pafupifupi khomo lililonse lili ndi nkhuku zachikuda. Zimadziyendera zokha tsiku lonse, kupalasa kudzala, kutola chiswe ndi ziwala, ndipo dzuwa likapendeka zimabwerera zokha kukhola. Mwini wake amangoziwazira madeya m'mawa, basi.

Khola lake limakhala lam'mwamba. Amazika mitengo inayi yolimba, n'kuyala nsanja, n'kuluka makoma ndi nsungwi, pamwamba n'kufolera udzu. Amaikanso kamakwerero kokwererapo nkhukuzo. Anthu akale sanalikweze pachabe ayi. Usiku kumabwera vungo ndi likongwe, ndipo khola lapansi silichedwa kubooledwa. Zitosi zimagwera pansi pa nsanjapo, ndiye mumangosesa n'kukathira kudimba. Utitiri ukachuluka, amawaza phulusa m'kholamo. Mdani wamkulu ndi chitopa, ena amati chideru, matenda amene amatha nkhuku zonse m'mudzi pa masiku ochepa. Katemera wake ndi kadontho kamodzi m'diso la nkhuku.

Kuno ku Leicester ndinafuna kuti ana anga awiri adziwe kuti dzira silichokera mufiriji. Tinagula misoti inayi. Tambala sitinagule, chifukwa kulira kwake kwa mbandakucha kukanatidanitsa ndi aneba. Mwina simukudziwa ana inu: thadzi limaikira ngakhale popanda tambala, kungoti mazirawo saswa anapiye. Pamene pali tambala, thadzi limafungatira mazira masiku 21.

Kumanga khola kuno ndi nkhani ina. Vungo kulibe, koma kuli nkhandwe, ndipo nkhandwe za m'tauni muno siziopa munthu. Zimakumba pansi pa mpanda, zimalumpha, waya wopyapyala zimadula ndi mano. Choncho tinagula waya wokhuthala wa timabowo ting'onoting'ono n'kuukwirira pansi masentimita 30 kuzungulira bwalo lonse. Ntchito imeneyi inatitengera Loweruka liwiri, msana kuchita kuwawa. Kholalo tinalimanga ndi matabwa, lokwera ngati lakwathu lija. Mkati tinapingasa mtengo wogonapo, poti nkhuku imakonda kugona pamwamba itagwira mtengo ndi zala zake. Pakona tinaika mabokosi awiri a udzu wouma oikiramo mazira, ndipo chakudenga tinasiya mipata yolowera mpweya. Kuzizira nkhuku zimapirira, koma chinyezi chimazidwalitsa.

Malamulo nawo alipo. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024, aliyense woweta nkhuku ku England ayenera kulembetsa kuboma, ngakhale ikhale imodzi yokha. Chimfine cha mbalame chikabuka, boma limatha kulamula kuti zonse zitsekeredwe. Lamulo limene limandivuta kwambiri ndi loletsa kuzipatsa makombo a kukhitchini. Mkute wa nsima umene kwathu timangoponyera nkhuku pabwalo, kuno umapita mubini. Mtima umandipweteka ndithu.

Kutseka khola madzulo ndi ntchito ya mwana wanga wamkulu. Nyengo yachisanu kuno kumada 4 koloko isanakwane, ndiye akangofika kuchokera kusukulu amathamangira kuseri, chikwama chili kumsana, n'kuwerenga mokweza: imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Kuwerenga m'Chichewa anaphunzirira pamenepo. Mazira amachepanso nyengo imeneyo chifukwa usana umafupika.

Vuto linabwera pamene mayi anga anadzatichezera. Mwambo wathu ndi wodziwika: mlendo wolemekezeka amamuphera nkhuku, ndipo nthutumba ndi yake. Koma ana anali atazipatsa kale maina nkhuku zonse zinayi. Wamng'ono atamva zimene tinkakambirana, anakaima pachitseko cha khola manja atatambasula.

"Agogo, chonde, Nachisale yekha ayi! Ndi mnzanga."

"Iwe, nkhuku n'kukhala mnzako?" anatero agogo ake akuseka. Kenako ananditembenukira. "Ana akowa wawalera bwanji?"

Ine ndinali pakati. Kusawaphera nkhuku mayi anga, atayenda ulendo wonsewo, kunali kochititsa manyazi. Kuphanso Nachisale mwana akuona, sakanandikhululukira. Bambo awo anapita kusitolo yogulitsa zakudya za ku Africa n'kukagula nkhuku yolimba ija yofuna kuwiritsa maola awiri. Mayi anadya, n'kunena kuti msuzi wake sukufika pa wa yachikuda, koma nsima anamaliza.

Anakhala nafe miyezi itatu. M'mawa uliwonse ankadzuka ana asanadzuke kukatola mazira, ndipo tsiku lina ndinawamva kuseri akukalipira Nachisale pomutchula dzina, ati wapalasa mbewu zawo za chibwabwa.