Nkhope zonse zinkandinyoza

Chimanga changa chinauma chitangomasula ngayaye, mu February 2024, mwezi womwe Pulezidenti Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Mbewu inapita, ngongole ya feteleza n'kutsala. Tulo tinandithawa, nsima inasiya kulowa. Koma chimene chinatsala pang'ono kupasula banja langa ndi nkhope za anthu.

Mkazi wanga akagwada ndi madzi osamba m'manja, ine ndinkaona chipongwe pamilomo pake. Ana akakhala chete, ndinkati akuchita nane manyazi. Pa mwambo wa Kulamba, pakutha pa August, khamu litadzaza pa Mkaika, mafumu a ku Malawi ndi ku Mozambique akupereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, anthu ankaseka gule akutimba fumbi. Ine ndinaona mano okhaokha ondiseka. Ndinabwerera kunyumba dzuwa lili pamutu.

"Abambo, ndinakulakwirani chiyani?" anandifunsa mkazi wanga usiku womwewo.

"Mukundiyang'ana ngati galu wakuba."

"Ine? Ndikuganiza za ndiwo za mawa."

Malume ndiwo anandikweza njinga kupita ku chipatala cha St Francis ku Katete, ine ndikukana kuti sindine wamisala. Adokotala anati ndi matenda a maganizo, ndipo amasokoneza mmene munthu amawerengera nkhope: nkhope yongokhala phee amaiona ngati yachisoni kapena yomukana, pomwe kumwetulira kwapang'ono kumamudutsa osakuzindikira. Maso ali bwinobwino. Ubongo ndiwo umasankha choipa. Anawonjeza kuti ofufuza a ku Oxford anapeza kuti mankhwala amayamba kukonza zimenezi munthu asanamve n'komwe kuti mtima wapepuka.

Anandipatsa mapilitsi, n'kundilangiza kuti ndisanaweruze nkhope ya munthu ndizimufunsa kaye. Kwa mwamuna wa Chichewa, kufunsa mkazi wako kuti "kodi mwakwiya?" katatu pa tsiku si chinthu chapafupi. Ndinkafunsabe. Kawirikawiri yankho linali mutu, kutopa, kapena utsi wa m'khitchini.

Patapita milungu ingapo, ndinamupeza akupeta mphale pakhonde. Anatukula maso, kona ya mlomo wake n'kukwera pang'ono, ndipo ndinadziwa kuti akumwetulira. Ndinaima pomwepo khasu lili paphewa.

"Mwaimiranji pamenepo? Nkhuku zikudya mphale, ingitsani."

Ndinaziingitsa.