Cilembo Cotayika pa Njira

Mau olembedwa pa kompyuta ali ngati mbeu: yomera bwino m'munda uno ikhoza kufota m'munda wina. Anyamata okonza makhadi a ukwati ndi mapepala a maliro ku Kabwata ndi ku Chelstone acidziŵa bwino cimeneci. Akonza nchito yao kunyumba ndi CorelDRAW watsopano, nakwera basi kunka nayo kwa osindikiza pafupi ndi Cairo Road. Kumeneko kompyuta yokhala ndi CorelDRAW wakale ikana kuitsegula. Nthawi zina itsegukadi, koma mtundu wa zilembo umene anasankha kulibe, ndipo cilembo ca ŵ cisanduka kabokosi. Dzina la malemu lituluka lopunduka, anamfedwa ali kudikira kumudzi.

Mankhwala ake alipo. Mu 1993 kampani ya Adobe inatulutsa PDF, imene ikasungidwa bwino imanyamula zilembo zake monga wapaulendo anyamula kamba. Cotero wotuma mwana ku Lusaka kukasindikiza amuuze kuti nchitoyo isungidwe mu PDF, ndipo aŵerenge pepala loyamba asanalipire. Dzina lolakwika pa pepala la maliro limaŵaŵitsa mtima zaka zambiri.