Liwu Limene Ndinalimva pa Wailesi

Tsiku lina madzulo, tikusoka ukonde pa gombe kwathu kwa Makanjira, ndinamva liwu lachilendo pa wailesi. Woulutsa anati mpira wa Bullets ndi Wanderers udzakhala "showdown". M'mawa mwake ndinakafunsa aphunzitsi athu a sukulu ya kwacha. Iwo anati liwuli ndi mawu awiri a Chingerezi olumikizidwa: loyamba ndi kuonetsa, lachiwiri ndi pansi. Linachokera ku njuga ya makhadi, pamene pomaliza aliyense ayala makhadi ake poyera kuti wopambana adziwike. Tsono eni chinenero amalitchula ponena za kulimbana kotsiriza kumene kuthetsa mkangano wa nthawi yaitali. Ife tikadati, "Lero ndi lero."

Anzanga owerenga, si ndewu iliyonse iyenera dzina limeneli. Taonani mbiri ya dera lathu lino. Mfumu Makanjira ya Ayao inali ndi zombo zamatanga zoolotsa minyanga ndi akapolo pa nyanja. Mu 1891 Harry Johnston ndi Kaputeni Cecil Maguire anatentha mudzi wake. Mu Disembala chaka chomwecho Maguire anaphedwa pofuna kuononga zombo zotsala, koma nkhondo sinathere pomwepo. Mu 1893 Angerezi anabweranso ndi asilikali ambiri, namanga linga la Fort Maguire, ndipo pambuyo pake mfumuyo inathawira ku dziko la Apwitikizi. Pofika 1895 mphamvu zake zinali zitatheratu. Kulimbana kotsirizako ndiko kuyenera liwu lija, pakuti wina anatsala, wina nachoka.

Chaka chatha ndinakangana ndi mng'ono wanga chifukwa cha malire a dimba la malemu amayi athu. Titaitanidwa ku bwalo, mwana wanga wodziwa Chingerezi anati, "Bambo, Loweruka kudzakhala showdown!"

Ndinamuyankha kuti, "Iai mwananga, usatero. Amene ukuwanenawo ndi atate ako aang'ono. Ndikawagonjetsa kotheratu, athawira kuti?"

Ku bwalo tinayaladi zonse poyera, osabisa kanthu. A mfumu anatimva tonse awiri, nazika zikhomo pakati pa dimbalo, ndipo ine ndinataya mizere inayi. Zinandiwawa ndithu. Koma mpaka lero, usiku tikamapita kukapha usipa, mng'ono wangayo ndiye agwira nyali m'bwato mwanga.

Liwulo ndalidziwa tsopano, ndipo ndimalimva bwino likatchulidwa pa mpira. Pa mlandu wa pachibale sindilifuna.